Watipaso Chirambo ndi Mabokosi a Ayezi

Watipaso Chirambo anagwira ntchito pansi pa ine zaka zisanu ndi zinayi. Anachotsedwa chifukwa cha chinthu chimene ndinachita ine. Ndanena poyambirira kuti wowerenga asavutike kundiganizira zabwino.

Ine ndine Dunstan Matope, kwathu ndi ku Chiradzulu. Ntchito yanga ndi yokonza mafiliji. Ku Dubai ndakhalako zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndine folomani pa kampani ina yosunga katundu wofuna kuzizira, kufupi ndi bwalo la ndege. Dzina la kampaniyo sinditchula. Timasunga nkhuku, nsomba, maluwa ndi mankhwala a m'zipatala. Zipinda zake n'zazikulu ngati tchalitchi. Panja dzuwa limaotcha mpaka chitseko cha galimoto osagwirika, koma mkati timavala majekete ochindikala, magolovesi ndi chipewa chosiya maso okha.

Watipaso anabadwira ku Rumphi, m'munsi mwa mapiri a Nyika, m'chaka cha 1980. Sukulu analekezera Fomu 2 bambo ake atamwalira. Analowa ntchito pa esiteti ina ya khofi. Kumeneko, kuwonjezera pa kudulira mitengo, anamupatsa ntchito yoyeza mvula. M'mawa uliwonse 8 koloko ankatsanulira madzi a m'chitini choyezera m'kabotolo ka mizere, n'kulemba m'buku. Anachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi. Esiteti itatsekedwa anapita ku Mzuzu kukagulitsa kaunjika. Bizinesi inagwa chaka chisanathe. Mkazi wake, Tiwale, anandiuzapo pa foni kuti mwamuna wake ankaonetsa yekha ogula pamene malaya abooka.

Kuno anabwera mu 2015. Amene anamubweretsa anamulonjeza ntchito ya mu hotela. Atafika anapezeka akutsuka magalimoto pansi pa sitolo yaikulu ya ku Al Barsha, kosapita mphepo. Ndinakumana naye ku mapemphero a Amalawi. Anakhala kumbuyo, wowonda, manja atasupuka ndi sopo. Ndinamufunsa funso limodzi.

"Kuzizira mumakuopa?"

"Ndine wa ku Nyika, adada. Kwathu madzi akagona panja mu Juni amadzuka ataundana pamwamba."

Ndinamutenga.

Pa ntchito pathu chipinda chilichonse chili ndi kagalasi panja pa chitseko, kosonyeza kuzizira kwa mkati. Lamulo ndi lakuti munthu aziwerenga maola awiri aliwonse n'kulemba pa pepala. Ambiri amalemba zonse nthawi imodzi poweruka, nambala imodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Inenso ndinachitapo. Watipaso ankapita kukaona ndi maso. Akapeza 19 ankalemba 19, ngakhale pepala likufuna 20.

Luckson, dalaivala wathu wa ku Chipata ku Zambia, ndiye anamupatsa dzina.

"Ba Pulofesa, mwapeza chani lelo? Filiji ikali yozizila?"

"Ikadali yozizira."

"Ah, zikomo maningi. Tenze na nkhawa."

Watipaso sankakwiya. Sankasekanso msanga. Nthabwala inkamufika mochedwa, mwina ali kale m'basi, ndiye ankaseka yekha. Ankagona ku nyumba ya kampani, anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda, iye yekha Mmalawi. Anazolowera mphodza za Anepali ndi kunena "chalo, chalo" pofulumizitsa anzake. Kumudzi ankapita kamodzi pa zaka ziwiri. Anali ndi ana atatu, wamkulu anali atangoyamba sukulu ya unamwino. Sankamwa mowa, nyimbo ankaimba molakwitsa, sankapempha kanthu kwa munthu. Moyo wake unali umenewo, ndipo akanatha kukalamba nawo.

Mu Okutobala 2024 tinalandira mabokosi oyera makumi atatu ndi awiri, lililonse lotalika kupitirira mita. Anabwera ndi mwini wake, mayi wa ku Ulaya wa imvi, nkhope yopsa ndi dzuwa, dzina lake Dokotala Marit. Sanali dokotala wa odwala. Anali wa kafukufuku wa nyengo. Katunduyo ankapita kwawo, koma mapepala anavuta, ndiye anayenera kudikira kwa ife masiku asanu ndi anayi.

Manijala anapatula chipinda chachisanu ndi chimodzi, chaching'ono pa zonse. Analamula kuti chizizire madigiri 25 kunsi kwa ziro, ndipo musalowe china chilichonse. Anandifunsa munthu wodalirika woti aziyang'anira. Ndinatchula Watipaso. Zitseko zathu zimatsegulidwa ndi khadi, ndipo makina amalemba khadi limene latsegula ndi nthawi yake. Chitseko chimenecho anachikonza kuti chizimvera makhadi awiri okha, la manijala ndi la Watipaso.

Tsiku lachiwiri Dokotala Marit anabwera nthawi ya tiyi. Luckson anamufunsa m'Chingerezi kuti m'mabokosimo muli chiyani, golide kapena.

"Ayezi," anatero mayiyo.

"Ayezi? Amayi, kuno tili naye wambiri. Tikanakupatsani waulere."

Anaseka, n'kutulutsa foni kutionetsa zithunzi. Iye ndi anzake anakhala milungu isanu m'matenti pamwamba pa phiri lina lalitali la ku Asia, kumene madzi amagwa ngati ufa wozizira n'kuundana osasungunuka. Anaboola ayeziyo ndi makina kuchokera pamwamba mpaka kufika pa mwala, n'kumatulutsa zidutswa zazitali mita imodzi, zonenepa ngati munsi. Chaka chilichonse chimasiya mzere wake, ngati mizere ya pa chitsa cha mtengo. Chaka cha chilala chimasiya fumbi lambiri. Mkati mulinso timathovu ta mpweya wa nthawi imeneyo, totsekeredwa. Zidutswa za pansi penipeni, anati, mwina zapitirira zaka chikwi.

Luckson anabwerera ku tiyi wake. Watipaso anatsala ataima, kapu ili m'manja.

"Amayi, kwathu mvula inkayamba kumapeto kwa Novembala. Masiku ano timadikira mpaka Khirisimasi, kenaka ibwera yonse sabata imodzi n'kukokolola munda. Ayezi ameneyu anganene chifukwa chake?"

"Za kwanu sanganene," anayankha mayiyo. "Amanena za phiri lake. Koma mpweya uli mkatimo ndi womwewo ankapuma makolo anu. Tikauyerekeza ndi wa lero, timaona chimene chasintha, ndi liwiro lake. Mukudziwa bwanji za masiku a mvula?"

Anamuuza za chitini cha ku esiteti. Mayiyo anafunsa ngati mabukuwo alipo.

"Anadyedwa ndi chiswe, amayi."

Mayiyo anagwira pakamwa ngati wamva za maliro. Kuyambira tsiku limenelo, akabwera ankayamba wafunsa Watipaso, kenaka manijala. Watipaso anayamba kufika pa ntchito ndi basi yoyamba. Ndinamupeza tsiku lina akusesa pakhomo pa chipindacho, posafunika kusesa.

Tsopano za ine.

Amalawi kuno ambiri ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu, ku Mirdif, ku Al Warqa. Amagona konko. Filiji ndi ya madamu. Munthu akabwera kuchokera kumudzi ndi chambo kapena nkhuku ya chikuda, alibe poika. Kwa zaka zambiri ankabweretsa kwa ine, ine n'kubisa pakona kuseri kwa makatoni. N'zoletsedwa. Ndinkadziwa. Koma ine ndiye wamkulu pagulu pathu, ndipo kwathu wamkulu akapemphedwa malo osungira chakudya sayamba kuwerenga malamulo a kampani. Zinkandisangalatsanso kutchedwa bambo wa onse. Zimenezinso ndinene.

Lachitatu m'mawa anandiimbira Mayi Florah, a ku Ntcheu, amene amagwira ntchito ku Al Warqa ndipo amatsogolera amayi athu. Lamlungu kunali phwando la Tsiku la Anakubala.

"Bambo Matope, mbuzi ziwiri zaphedwa kale, ndiponso pali chambo chabwera Lolemba. A Luckson atenga akamadutsa."

"Sabata ino n'kovuta, mayi. Kukubwera oyendera. Manijala akulowa chipinda chilichonse."

"Ndiye ndiike kuti? Madamu wanga akatsegula filiji n'kuona mutu wa mbuzi ukumuyang'ana, ine ndiye ndapita. Inu ndinu bambo athu. Tilibe wina."

Ndinavomera. Ndinaganiza za chipinda chimodzi chimene manijala sakanalowetsamo oyendera.

Masana ndinamupeza Watipaso akuvula magolovesi kuti akadye.

"A Chirambo, ndibwerekeni khadi lanu."

Anandiyang'ana. "La chipinda chija, adada?"

"Mphindi khumi zokha. Ndi katundu wa amayi."

"Chipinda chimenecho ayi, adada. Anati musalowe kanthu."

"Mafiliji ndinayamba kukonza iwe uli ku pulayimale. Bweretsa."

Anakana kamodzi kokha. Kawiri sakanatha, ndipo ine ndinkadziwa kuti sangathe. Anavula khadi m'khosi n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinamuuza kuti akatha kudya akathandize kutsitsa maluwa mbali ina ya nyumbayo.

Mabokosi anali atasanjidwa pa mapaleti anayi, matabwa aja onyamulirapo katundu. Ndinafuna kubisa nyama kukhoma la kumbuyo, ndiye ndinakoka paleti yakutsogolo ndi kangolo n'kuitulutsa. Mukhonde munali mothina. Ndinaikankhira panja, pamalo otsitsira katundu, kuseri kwa makatani a pulasitiki. Nthawi imeneyo panali mthunzi.

Ndisanafike pa galimoto ya Luckson, wailesi ya m'thumba inalira. Makina oziziritsa chipinda cha mankhwala anali atazima. Limenelo ndi vuto lalikulu kuposa onse pa ntchito pathu. Ndinakankha chitseko cha chipinda cha ayezi, chinatsekeka, ndinathamanga.

Ndinakhala pa makinawo maola atatu ndi theka. Za paleti sindinakumbukire ngakhale kamodzi. Watipaso anabwera 2 koloko ndi 4 koloko kudzawerenga kagalasi ka pachitseko. Kankasonyeza 25, chifukwa chipinda chinali chotseka. Analemba zoona. Paleti inali kuseri kwa makatani, sakanaiona.

Nditakumbukira ndinali ndikusamba m'manja. Ndinapeza mthunzi utachoka kalekale. Bokosi la pamwamba linali lotentha ngati boneti ya galimoto. Linali limene a kasitomu anatsegula pofufuza, ndipo tepi imene anamata inali itamatuka ndi dzuwa, chivindikiro chitatukuka pakona. Mkati sindinayang'ane. Ndinakanikiza chivindikiro, ndinabweza paleti, ndinatseka.

Nyama ija Luckson atatopa kudikira anali ataiponya kale m'chipinda chachitatu, pakati pa makatoni a nkhuku. Inakhala momwemo mpaka Lamlungu. Oyendera anadutsa, palibe anaiona.

Ndinabweza khadi.

"Zonse zili bwino, adada?"

"Zili bwino."

Lachisanu m'mawa Dokotala Marit anabwera kudzakonzekera ulendo. Sindinkadziwa kuti m'bokosi lililonse munali kachipangizo kolemba kuzizira mphindi iliyonse. Anawerenga tonse pa kompyuta. Pofika 10 koloko tinaitanidwa ku ofesi, ine ndi Watipaso.

Manijala anatembenuza kompyuta kuti tione. Mabokosi asanu ndi awiri anafunda koma anapirira. Lachisanu ndi chitatu linapitirira ziro. Mayiyo anali atalitsegula. Zidutswa zinayi zinasungunuka kunja, madzi anayenderera m'mapulasitiki n'kuundananso. Zinali za pansi penipeni, zakale kuposa zonse.

"Ndiye zatayika?" anafunsa manijala.

"Zina tingayezebe. Koma madzi akalowa amasakaniza zaka. Za mpweya sindingazikhulupirirenso."

"Simungakakumbenso?"

"Phirilo likusungunuka kuchokera pamwamba, madzi akulowa pansi chaka ndi chaka. N'chifukwa chake tinathamangira. Pamene tidzapezenso mwayi wopita, mwina kudzakhala kulibe chowerenga."

Sanakweze mawu. Manijala anaonetsa pepala la makina a chitseko. Khadi la Watipaso, 12:40. Khadi la Watipaso, 4:25. Anaonetsanso kanema wa kamera. Munthu wovala jekete ndi chipewa chosiya maso okha akukoka paleti. M'zovala zimenezo tonse timafanana, ndipo ine ndi Watipaso ndife otalika mofanana.

"Habibi, mnzanga," anatero manijala, "zaka zisanu ndi zinayi ulibe mlandu. Tangonena chifukwa chake. Unkafuna kusesa?"

Watipaso anandiyang'ana kamodzi. Sanayang'ane mondiopseza. Anayang'ana ngati munthu amene wafika pakhomo n'kuima kuti wamkulu ayambe kulowa. Kenaka anayang'ana pansi.

Dokotala Marit anasendeza mpando. "Bambo Chirambo, pa anthu onse pano, inu ndi amene munamvetsa chimene chili m'mabokosimu. Bwanji?"

"Ndilibe chonena, amayi."

Ndinali ndi zaka 61. Munthu wa msinkhu umenewo akachotsedwa ntchito kuno, palibe amamulembanso. Ndinaganiza za viza yanga. Ndinaganiza za Luckson amene ananyamula nyama pa galimoto ya kampani, ndi za amayi aja, ndipo ndinadziuza kuti ndikuteteza iwo. Linali bodza. Ndikanatha kunena kuti ndinatulutsa paleti ine, osatchula mbuzi.

Manijala anatembenukira kwa ine. "Dunstan, munthuyu unabwera naye ndiwe. Ukuti bwanji?"

"Ndi munthu wabwino, bwana," ndinatero. "Aliyense amalakwitsa."

Mawu amenewo ndinawanena ine, ndi pakamwa panga, munthu ali pambali panga.

Manijala anapumira m'mwamba. "Khalas," anatero m'Chiarabu, kutanthauza kuti zatha. Anauza Watipaso kuti asiye khadi pa tebulo. Anavula, anaika, anathokoza manijala, anaweramira mayiyo. Mayiyo ankayang'ana pawindo.

Lamlungu phwando linachitika ku paki ya ku Mirdif. Amayi anavala zitenje zofanana. Anayala mikeka pansi pa mitengo, anaphika mpunga ndi mbuzi, anakazinga chambo. Ine anandiika pa mpando wa pulasitiki, wokhawo umene unalipo. Mayi Florah anayankhula.

"Tikanakhala opanda Bambo Matope, bwenzi lero tikudya nkhuku za m'makatoni zosakoma zija. Bambo athu awa sakana munthu. Tiwaombere m'manja!"

Anaomba, ena analulutira. Anandibweretsera chiwindi pa mbale yapadera, atagwada. Ndinalandira.

Luckson anadzakhala pansi pafupi ndi mpando wanga. Iye ankadziwa amene anamuuza kuti adikire ndi nyama Lachitatu lija, ndipo kuwerenga nthawi amatha.

"Idyani, mudala," anatero motsitsa mawu. "Mbuzi iyi yadya nchito ya munthu. Isatayike."

"Tseka pakamwa."

"Nili zii. Tonse tili zii. Ni matenda yamene yabwela."

Watipaso anabwera mochedwa, atavala malaya ake a kutchalitchi. Amayi anali atamva kuti ntchito yatha, koma chifukwa chake sankadziwa. Anamupepesa, anamuwonjezera nyama. Anadya bwinobwino. Atapita kukasamba m'manja pa mpopi, ndinamutsatira.

"A Chirambo."

"Adada."

"Bwanji simunanene?"

Anatseka mpopi. "Ndinene chiyani?"

"Kuti khadi ndinatenga ndine."

"Ine ndiloze chala munthu wa imvi pamaso pa alendo? Sanandilere choncho. Inu munali pomwepo. Ndinkadikira kuti muyankhule."

Anagwedeza manja kuchotsa madzi.

"Ndinadikira mpaka pamene bwana anati khalas," anatero. "Ngakhale potuluka pachitseko ndinayenda pang'onopang'ono."

"Ndikupezerani ntchito kwina. Ndikudziwa anthu ku Sharjah."

"Ndi kalata imene andilembera? Musavutike." Anapukuta manja pa kansalu. "Ntchito si kanthu kwenikweni, adada. Chikundiwawa ndi mayi uja. Wapita kwawo akudziwa kuti Mmalawi amene anamufotokozera zonse ndi amene anaika katundu wake padzuwa."

"Mawa ndipita kwa manijala."

"Chabwino."

Mawa lake sindinapite. Ndinafika mpaka pa masitepe a ofesi, ndinakumbukira kuti pali fani yofuna kusintha. Tsiku lotsatira manijala anali ndi alendo. Kenaka ndinadwala chimfine. Zifukwa zinalipo tsiku lililonse, ndipo zonse zinali zoona. Ku Sharjah ndinaimbadi foni kawiri. Atamva chifukwa chimene anachotsedwera, anati adzandiimbira.

Viza yake inathetsedwa. Patatha milungu inayi anakwera ndege. Luckson ndiye anamuperekeza. Ine ndinali pa ntchito, ndipo ndinaonetsetsa kuti ndikhale pa ntchito.

Kwa manijala ndinapita tsiku lotsatira, munthu atafika kale ku Lilongwe. Ndikudziwa chifukwa chake ndinatha kupita tsiku limenelo. Kunalibenso woti ndimuyang'ane m'maso.

Ndinanena zonse, ndi mbuzi yomwe. Manijala anamvetsera akusewera ndi cholembera. Nditamaliza anadzuka n'kutseka chitseko.

"Dunstan, nkhani imeneyi inatha. Malipoti anapita, onse anasaina. Ndikaitsegulanso, ndiye kuti ndinachotsa munthu wosalakwa, ndipo folomani wanga amasunga mbuzi m'chipinda cha kasitomala. Ukufuna ndilembe zimenezo?"

"Mubwezereni ntchito, bwana. Muchotse ine."

"Malo ake ndalembapo kale wina. Ndipo makina a chipinda cha mankhwala amawadziwa ndani kupatula iwe? Yalla, pita ku ntchito. Za mbuzi ndisadzamvenso."

Chilango changa chinali chimenecho. Ndinatsika masitepe n'kukasintha fani.

Adiresi ya Dokotala Marit inali pa mapepala a katundu. Ndinamulembera kalata pa foni, m'Chingerezi changa cha m'magalaja. Ndinati amene anatulutsa paleti ndine, Chirambo anakana koma ndinamukakamiza, ndipo anakhala chete chifukwa kwathu wamng'ono sachititsa manyazi wamkulu pagulu. Anayankha patatha masiku khumi, mizere itatu. Anati wamva. Anati mwambo umenewo sakuumvetsa, koma akufuna nambala ya Bambo Chirambo. Kwa ine sananene kanthu kena, ndipo sindinayembekezere.

Amayi ndinawauza pa mapemphero, nditaimirira kutsogolo. Mayi Florah ndi amene anayamba kuyankhula.

"Ndiye ife tinkalulutira chiyani tsiku lija?"

Mpaka lero amandipatsa moni, koma mpando wa pulasitiki amakhalapo wina.

Watipaso ali ku Rumphi. Amalima tomato ndi anyezi m'dimba la apongozi ake, Tiwale amakagulitsa pamsewu. Mwana wa unamwino uja anaima kaye chaka chimodzi. Ndinamva kwa Luckson, amene amayankhula naye Loweruka lililonse. Ine ndinatenga miyezi itatu kuti ndiimbe. Anayankha ali kumunda, mphepo ikusokosa mu foni.

"A Chirambo, ndine Matope."

"Adada. Muli bwanji kumeneko?"

"Ndinapita kwa manijala. Ndinanena zonse. Mayi ujanso ndinamulembera."

"Anandiimbira. Anapepesa. Tinacheza nthawi yaitali."

"Ndiye ndimati mudziwe kuti ndinanena."

"Mwachita bwino. Ntchito abweza?"

"Ayi."

"Chabwino."

Ndinadikira kuti anene china, andinyoze kapena andikhululukire. Ndinamva akuuza munthu wina m'Chitumbuka kuti asunthe paipi.

"Adada, pepani, madzi atsegula ndipo ndi nthawi yathu yothirira. Mupereke moni kwa a Luckson."

Foni inaduka. Moniwo ndinapereka.